Mpando usanasowe mwini: kukonzekera alowam'malo a akuluakulu osavala yunifomu ku Pentagon

Munthu akamva dzina loti Pentagon, likulu la asilikali a America, m'mutu mwake mumabwera yunifomu ndi nyenyezi za paphewa. Komatu unduna wa zachitetezo wa dziko la America uli ndi antchito pafupifupi 700,000 amene savala yunifomu n'komwe. Ndiwo amakonza malipiro a asilikali, kugula mafuta a ndege, kusainira makontrakiti, kukonza sitima zapamadzi ndi kulondoloza ndalama. Pamwamba pa khamu limeneli pali kagulu ka akuluakulu kotchedwa Senior Executive Service, mwachidule SES. Kanakhazikitsidwa ndi lamulo la 1978 m'nthawi ya Pulezidenti Jimmy Carter, n'kuyamba kugwira ntchito mu Julayi 1979. Kufikira 2024 m'boma lonse analipo pafupifupi 8,000, ndipo oposa 1,000 mwa iwo anali ku unduna wa zachitetezo.

Kazembe wa asilikali amakhala pampando zaka ziwiri kapena zitatu, kenako amusamutsa. Wosankhidwa ndi andale amalongedza katundu tsiku limene womusankhayo wachoka. Wotsala ndi makiyi ndi uyu wa SES. Onani Defense Logistics Agency, nthambi imene likulu lake lili ku Fort Belvoir m'chigawo cha Virginia, yomwe imagulira asilikali mafuta, chakudya, zovala, mankhwala ndi zipangizo zokonzera makina. Mkulu wake ndi kazembe wa nyenyezi zitatu, koma wachiwiri wake ndi munthu wamba wa SES. Akazembe akamasinthana, wachiwiriyu ndi anzake ndi amene amakumbukira chifukwa chake kontrakiti inayake inalembedwa momwe inalembedwera.

Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa ntchito yoonetsetsa kuti mipando ya anthu amenewa isamakhale yopanda eni. Ndinene pachiyambi pomwe chimene ndimakhulupirira: dongosolo lokonzekera alowam'malo ndi kalendala yowerengedwa chafutambuyo, kuchokera tsiku limene mwini mpando adzatuluke pakhomo kufika lero. Chibuku cha masamba ambirimbiri chimene mulibe masiku oterowo ndi chokongoletsa shelefu basi.

Choyamba, werengani mipando, anthu muwasiye kaye

Cholakwika chofala n'kutenga chithunzi cha maudindo chimene chapachikidwa pakhoma n'kuyamba kufunsa kuti, "Uyu akachoka tidzaikapo yani?" Funsolo lafulumira. Yambani ndi lakuti: mpando umenewu ukufunikabe?

Yankho lake mulipeze ku ntchito imene nthambi yanu yatumidwa. Tsegulani National Defense Strategy, chikalata chimene nduna ya zachitetezo imatulutsa pafupifupi zaka zinayi zilizonse, ndiponso ndondomeko ya ndalama ya zaka zisanu yotchedwa Future Years Defense Program. Ngati ndalama zikuchoka ku ntchito ina kupita ku chitetezo cha makompyuta kapena cha mumlengalenga, mipando ya akuluakulu iyenera kuzitsatira. Pa mpando uliwonse lembani zinthu zinayi pa tsamba limodzi: ndalama zimene umayang'anira, chiwerengero cha anthu amene ali pansi pake, zigamulo zimene mwini wake yekha ndiye angapange, ndi chimene chingaime mpandowo utakhala wopanda munthu miyezi 6. Mukapeza kuti palibe chingaime, mwapeza mpando woti muusamutsire kwina.

Zifukwazo muzilembe ndi kuzisunga. Apa ndikukakamira chifukwa undunawu unagwidwapo kale. Mu Novembala 2010 Government Accountability Office, ofesi imene imachita kawuniwuni m'malo mwa nyumba ya malamulo, inapeza kuti unduna unaunikadi mipando ya akuluakulu ake, koma sunasunge zolemba zoonetsa mmene unafikira pa ziwerengero zake. Miyezi itatu izi zisanatuluke, mu Ogasiti, nduna Robert Gates anali atalengeza kale kuti pa zaka ziwiri achotsa mipando yosachepera 50 ya akazembe ndi 150 ya akuluakulu osavala yunifomu. Nkhwangwa yotero ikamabwera, mpando umene mbiri yake inalembedwa umadziyankhira wokha. Wopanda zolemba umadalira pakamwa pa mwini wake, ndipo wopulumuka amakhala wodziwa kulankhula, osati wofunika kwambiri. Kumbukiraninso kuti mipando ya SES simudzipangira. Office of Personnel Management, OPM, ofesi yoona za antchito a boma lonse, ndiyo imaigawira maunduna zaka ziwiri zilizonse, ndipo mukapita kukapempha yowonjezera muli chimanjamanja mudzabwerako chimodzimodzi.

Mukatsimikiza kuti mpando ukufunika, uikeni pamtundu wake. Kodi ndi wa msilikali kapena wa munthu wamba? Pali ntchito zina, monga kusainira kontrakiti m'dzina la boma, zimene lamulo sililola kuti kampani yolembedwa ganyu igwire. Kodi ndi mpando wosungidwira antchito okhazikika okha, monga wa kawuniwuni wa ndalama ndi wa zogulagula, kapena ndi wotheka kukhalapo wosankhidwa ndi andale? Nanga uli pa mlingo uti? Undunawu umagawa mipando ya SES m'magawo atatu, Tier 1, Tier 2 ndi Tier 3, amene pa mwambo wa ulemu amafanana ndi kazembe wa nyenyezi imodzi, ziwiri ndi zitatu.

Palinso funso limene ambiri amaliiwala. Munthu amene mukufuna pampandopo ndi mtsogoleri wa anthu, kapena katswiri? Boma lili ndi maudindo a Senior Level ndi a Scientific and Professional, mwachidule SL ndi ST, opangidwira akadaulo amene ntchito yawo si kulamulira khamu. Injiniya wodziwa bwino makina oona ndege zili kutali mukamukweza kukhala bwana wa anthu 2,000 pofuna kungomupatsa malipiro abwino, mwataya injiniya ndipo bwana simunamupeze.

Chachiwiri, dziwani amene ali pafupi ndi khomo

Tsopano bwerani kwa anthu. Pafupi ndi dzina la mwini mpando aliyense lembani tsiku limene ayenerere penshoni yonse. Ambiri lero ali pa ndondomeko ya penshoni yotchedwa FERS, imene inayamba mu 1987. Malamulo ake ndi awa: zaka 62 zakubadwa ndi zaka 5 za ntchito, kapena zaka 60 ndi 20 za ntchito, kapena zaka 30 za ntchito munthu atafika msinkhu wocheperapo wololedwa, umene uli pakati pa 55 ndi 57 malinga ndi chaka chimene anabadwa.

Ku Malawi tinazolowera kuti wogwira ntchito m'boma akakwanitsa zaka 60 nkhani yatha, tsiku lake limadziwika kalekale. Ku America sizili choncho. Antchito ambiri a boma osavala yunifomu alibe msinkhu wowakakamiza kupuma. Wina amachoka mwezi womwewo wayenerera, wina amakhalabe zaka khumi. Choncho tsiku la penshoni likungokuuzani kuti kuyambira pamenepa khomo ndi lotsegula. Silikukuuzani kuti munthuyo atuluka liti.

Njira yodziwira ndi kucheza naye, ndipo apa pafunika kusamala pakamwa. Lamulo la 1967 loletsa kusala munthu chifukwa cha msinkhu limateteza aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo. Kufunsa mkulu wa imvi kuti, "Bwana, mupuma liti?" ndi kuputa mlandu, komanso n'kupanda ulemu. M'malo mwake khalani ndi mwambo woti kamodzi pachaka aliyense wa SES, wachinyamata ndi wachikulire yemwe, afunsidwe mafunso ofanana: mukudziona muli kuti zaka zitatu zikubwerazi, mukufuna kuphunzira chiyani, ndani kumbuyo kwanuko amene angagwire ntchito yanu mawa? Anthu akaona kuti funso ndi la onse amamasuka, ndipo ena amadzinenera okha kuti mwana womaliza akamaliza koleji iwonso atsanzika.

Musayang'ane okalamba okha. Malipiro a SES ali ndi denga, lomangirizidwa ku mlingo wachiwiri wa malipiro a nduna ndi achiwiri awo, ndipo makampani opanga zida amalipira kuposa pamenepo. Lamulo limaletsa mkulu wochoka kuti kwa chaka chimodzi asabwerere ku unduna wake wakale kudzalankhulira kampani, koma silimuletsa kupita. Katswiri wa chitetezo cha makompyuta wa zaka 45 akhoza kukhala pafupi ndi khomo kuposa mkulu wa zaka 63. Denga lomwelo limagwiranso ntchito kunsi. Wa giredi GS-15, yomwe ndi yomaliza munthu asanalowe SES, amene amakhala mumzinda wodula ngati Washington, amaona kuti kusiyana kwa malipiro ndi kochepa pomwe mtolo ndi wolemera, ndipo akalowa akhoza kusamutsidwa osafuna. Ambiri abwino amangoti zikomo, ndili bwino pomwe ndilipa. Mukamawerenga alowam'malo musawerenge aliyense wa GS-15 ngati kuti akufuna.

Pomaliza gawo ili mukhale ndi mndandanda umodzi wa mipando, pomwe uliwonse wapatsidwa zizindikiro ziwiri: kufunika kwake, ndi kuthekera koti usiyidwa m'zaka zitatu. Imene yakwera mbali zonse ziwiri ndiyo ntchito yanu yeniyeni. Kawirikawiri siikhala yambiri.

Chachitatu, werengani chafutambuyo

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho tidekhe.

Tiyerekeze kuti mkulu woyang'anira zogula wakuuzani kuti apuma pa 31 Disembala chaka cha mawa. Tsikulo silachilendo, antchito ambiri a boma amakonda kuchoka kumapeto kwa chaka. Lembani tsikulo kudzanja lamanja la pepala, n'kuyamba kubwerera kumanzere.

Mukufuna kuti wolowayo afike mwini mpando asanachoke, akhale limodzi mwezi umodzi kapena iwiri. Ndiye tsiku lanu lenileni ndi kumayambiriro kwa Novembala. Asanafike ayenera kukhala ndi chilolezo choona zinsinsi za boma. Kafukufuku wa mbiri ya munthu amachita ndi Defense Counterintelligence and Security Agency, imene inatenga ntchitoyi mu Okutobala 2019, ndipo kwa munthu wochokera kunja wofuna chilolezo chapamwamba zimatenga miyezi. Bwererani. Ngati ndi koyamba kulowa SES, njira ya nthawi zonse ndi yoti mapepala ake apite ku OPM, kumene bodi ya akuluakulu ochokera m'maunduna ena imatsimikiza kuti ali ndi luso la utsogoleri. Bodiyo ikhoza kuwabweza. Bwereraninso. Mapepala asanapite kumeneko, bodi ya mu nthambi yanu, Executive Resources Board, iyenera kusefa ofunsira, kuwachititsa intavyu ndi kupereka mayina kwa wosankha, ndipo aliyense amene anayesapo kusonkhanitsa akuluakulu asanu otanganidwa m'chipinda chimodzi akudziwa kuti masabata amathera pamenepa. Zisanachitike zonsezi, mpatawo uyenera kulengezedwa pa USAJOBS, webusaiti ya boma yolengezerapo ntchito, kwa masiku osachepera 14. Ndipo usanalengezedwe, mafotokozedwe a ntchitoyo ayenera kulembedwanso ndi kuvomerezedwa.

Musadalire masiku a m'malamulo okha. Tengani mafayilo a mipando khumi yomaliza imene nthambi yanu inadzaza, muwerenge masiku enieni amene gawo lililonse linatenga, mugwiritse ntchito amenewo. Mudzadabwa kuona pamene nthawi imatayikira. Nthawi zambiri si ku OPM ayi, koma pa desiki ya munthu mmodzi m'nyumba mwanu momwemo, pamene fayilo imagona kudikira siginecha.

Mukafika kumanzere kwa pepala mupeza kuti ntchito yodzaza mpando wa Disembala iyenera kuyamba kumayambiriro kwa chaka. Kumeneko n'kungolemba ntchito munthu amene ndi wokonzeka kale. Nanga ngati wokonzekayo palibe? Wonjezerani pepala lina kumanzere. Pulogalamu yokonzekeretsa anthu kulowa SES, Candidate Development Program, kwa zaka zambiri inkafuna miyezi yosachepera 12, maola 80 a maphunziro, mlangizi wa SES, ndi miyezi inayi yokagwira ntchito zina zophunzirirapo. Ubwino wake ndi woti womaliza akavomerezedwa ndi bodi ya ku OPM akhoza kuikidwa pampando popanda kupikisananso, zimene zimadula miyezi ingapo pa kalendala ija. Koma kuti alowe m'pulogalamuyo anapikisana kale, ndipo asanapikisane anafunika kukhala atatsogolerapo ntchito yooneka. Mukaphatikiza zonse, mlowam'malo wa Disembala chaka cha mawa anayenera kuyamba ulendo zaka zitatu kapena zinayi zapitazo.

Kudzanja lamanja nakonso pepala silinathe. Wolowa SES koyamba amakhala chaka chimodzi pa nthawi yoyesedwa. Lembani pa kalendala tsiku la mwezi wachisanu ndi chinayi, kuti bwana wake anene poyera ngati munthuyu akutha kapena ayi nthawi ikadalipo. Chakacho chikangodutsa mwakachetechete, kumuchotsa kumakhala ntchito ina yaikulu.

Chitani masamu amenewa pa mpando uliwonse wa pamndandanda uja. Pamene tsiku loyambira lagwera m'mbuyo mwa lero, mwachedwa kale, ndipo ndi bwino kuwauza akuluakulu anu choncho mosapsatira.

Chachinayi, luso limene likusowa

Kwa zaka zambiri OPM inkayeza ofuna kulowa SES pa zinthu zisanu: kutsogolera kusintha, kutsogolera anthu, kubweretsa zotsatira, kudziwa kuyendetsa chuma ndi zipangizo, ndi kumanga mgwirizano ndi ena. Mu 2025 mndandandawu unasinthidwa, choncho onetsetsani kuti mukugwiritsa ntchito umene ulipo lero. Koma miyeso imeneyi ndi ya boma lonse. Siingakuuzeni ngati muli ndi munthu wodziwa kukangana mtengo ndi kampani yokhayo padziko imene imapanga injini inayake. Zimenezo mulembe nokha, mpando ndi mpando, mothandizidwa ndi eni mipandoyo ndiponso asilikali amene amadalira ntchito yawo.

Phunziro lowawa pa nkhaniyi linachokera ku zaka za m'ma 1990. Mkangano wa America ndi Soviet Union utatha, unduna unachepetsa kwambiri antchito a zogulagula ndipo kwa zaka zingapo sunalembe achinyamata okwanira. Panthawiyo zinaoneka ngati kupulumutsa ndalama. Nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zitayamba, makontrakiti anachuluka koma owayang'anira anali ochepa, ndipo pakati pa okalamba ndi ongoyamba kumene panali chigwa. Mu Epulo 2009 Gates analengeza kuti ntchito 11,000 zimene zinali m'manja mwa makontrakitala zibwerera ku boma, ndipo alemba akatswiri ena 9,000 pofika 2015. Kulemba anthu 9,000 n'kotheka m'zaka zochepa. Kupeza munthu wogwira ntchitoyo kwa zaka 20 amene simunamulembe zaka 20 zapitazo n'kosatheka. N'chifukwa chake dongosolo la akuluakulu liyenera kusuzumira mpaka ku magiredi a GS-13 ndi GS-14. Chigwa chimene chili kumeneko lero chidzafika pamwamba zaka khumi zikubwerazi.

Chachisanu, konzani anthu, koma musalonjeze mpando

Pa mpando uliwonse wofunika lembani mayina m'magulu atatu: okonzeka lero, okonzeka pakatha chaka kapena ziwiri, ndi a zaka zitatu mpaka zisanu. Kenako werengani mayinawo mopingasa. Mupeza mayi mmodzi waluso walembedwa ngati wokonzeka lero pa mipando isanu. Ameneyo ndi munthu mmodzi, adzakhala pampando umodzi, ndipo ina inayiyo ilibe aliyense.

Mndandanda umenewu si lonjezo. Mipando ya antchito okhazikika imadzazidwa mwa mpikisano, ndipo munthu akangouzidwa kuti "mpando uwu ndi wanu", mwaphwanya lamulo komanso mwafooketsa anzake onse. Chimene mungamuuze ndi ichi: tikuona kuti mungathe, zimene zikusowa ndi izi, tikupatsani mpata wozipeza. Samalaninso ndi mwini mpando amene amangotchula munthu wofanana naye, wa sukulu yomweyo, wa ofesi yomweyo, woseka nthabwala zake. Mayina aziunikidwa ndi bodi, osati munthu mmodzi. Ndipo mipando ina muziitsegulira akunja, a m'maunduna ena, a m'makampani, asilikali opuma. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kungoti mlendo yemweyo ndi amene kafukufuku wa chilolezo chake amatenga nthawi yaitali, choncho kalendala yake iyambe msanga.

Chimene chimakonza munthu koposa kalasi ndi kusinthidwa malo. Asilikali anaphunzira izi kudzera m'lamulo la Goldwater-Nichols la 1986, limene linati ofisala asakwezedwe kukhala kazembe asanagwirepo ntchito limodzi ndi magulu ena ankhondo. Amene analemba lamulo la 1978 ankafunanso kuti a SES akhale oyendayenda, koma ambiri amathera moyo wawo wonse wa ntchito m'nthambi imodzi. Mu 2007 unduna unatulutsa lamulo lake loyendetsera moyo wa ntchito wa akuluakuluwa, lolimbikitsa kuti azidziwa unduna wonse, osati khonde lawo lokha. Mu Disembala 2015 Pulezidenti Barack Obama analamula kuti maunduna okhala ndi mipando ya SES 20 kapena kuposa akonze zosinthasintha anthu, ndi cholinga choti 15 pa 100 alionse akagwire kwina kwa masiku osachepera 120.

Palinso Defense Senior Leader Development Program, imene imatenga a GS-14 ndi GS-15 n'kuwatumiza kukaphunzira miyezi pafupifupi khumi pamodzi ndi maofisala ku makoleji ankhondo, monga National Defense University ku Fort McNair mu Washington, Army War College ku Carlisle, Naval War College ku Newport, kapena Air War College ku Montgomery. Maphunzirowa ndi abwino. Chimene chimawaononga ndi ziwiri. Choyamba ndi bwana amene amabisa munthu wake waluso, n'kutumiza amene angathe kukhala popanda iye. Chachiwiri n'choti wophunzirayo akabwerako amamubwezera pa desiki yomwe ija, ntchito yomwe ija, ngati anangopita ku tchuthi. Pakatha chaka mumva kuti wapeza ntchito kwina, ndipo mwaphunzitsira anzanu. Mankhwala ake ndi osavuta: musasaine kalata yomutumiza musanalembe ntchito imene akabwerako adzagwire. Ndipo pa kawuniwuni wa pachaka wa bwana aliyense wa SES pakhale funso loti, ndi anthu angati amene mwawakonza n'kuwalola kupita?

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kugwirizira udindo. Bwana akapita ku tchuthi cha masabata atatu, wogwirizira asamakhale yemweyemweyo. Sinthanitsani amene ali pamndandanda, muwapatse mphamvu zenizeni zosainira, ndipo bwanayo asamaimbe foni tsiku lililonse.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dongosolo limene ndalama zake sizinalowe m'bajeti ndi la mphepo. Bajeti ya undunawu imakonzedwa kudzera m'njira imene Robert McNamara anayambitsa mu 1961, yomwe lero imatchedwa PPBE, ndipo zimene mukufuna kudzagwiritsa ntchito zaka ziwiri zikubwerazi muyenera kuzipempha panopa. Ikanimo maphunziro, ndalama zosamutsira mabanja, ndi malipiro a anthu awiri pampando umodzi kwa miyezi yosiyirana ija, amene pafupifupi aliyense amawaiwala.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Okutobala, koma zaka zambiri nyumba ya malamulo imachedwa kuvomereza bajeti, ndipo nthambi zimayenda ndi chilolezo chongogwirizira chimene sichilola kuyamba zatsopano. Mu 2013, bajeti itadulidwa mokakamiza, antchito osavala yunifomu ambiri a undunawu anakhala kunyumba masiku 6 opanda malipiro. Nthawi zotero zoyamba kudulidwa ndi maphunziro ndi maulendo. Sankhiranitu zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mudzaziteteze zivute zitani, ndipo akuluakulu anu avomereze mndandandawo mitambo isanade.

Chachisanu ndi chiwiri, ikani chisankho pa kalendala

Zaka zinayi zilizonse, pa 20 Januwale, boma likhoza kusintha. Lamulo limalola kuti osankhidwa ndi andale akhale osapitirira 10 pa 100 alionse a SES m'boma lonse, ndipo amenewa akachoka limodzi, okhazikika ndi amene amagwirizira maudindo awo kwa miyezi. Dziwiranitu kuti ndani adzagwirizira uti, ndiponso ndani adzagwire ntchito ya wogwirizirayo.

Pali masiku enanso ofunika kuwadziwa. Nduna yatsopano ikalowa, siiloledwa kusamutsa wa SES wokhazikika iye asakufuna mpaka patadutsa masiku 120. Nthawi zina zonse, wosamutsidwa ayenera kudziwitsidwa masiku 15 ngati malo atsopanowo ali m'dera lomwelo, ndi masiku 60 ngati ali kutali. OPM nayo imaimitsa kaye kuunika mapepala a olowa SES a unduna umene mkulu wake wachoka, kuti wobwerayo adzaonepo. Ndiye ngati kalendala yanu ya chafutambuyo yadutsa m'nyengo ya chisankho, wonjezeranimo miyezi, kapena fulumizani kuti fayilo iwoloke nyengoyo isanafike.

Pomaliza, kalondolondo

Musachulutse zoyezera. Miyezi itatu iliyonse bodi ya akuluakulu ikhale pansi ndi tsamba limodzi, osati chibuku. Pa tsambalo pakhale mipando yofunika ija, ndipo pa uliwonse: mwini wake, tsiku limene khomo lake limatseguka, mayina a okonzeka, tsiku limene ntchito yodzaza iyenera kuyamba, ndi dzina la munthu mmodzi amene adzafunsidwe tsikulo likadutsa. Pansi pake manambala atatu okha: mipando imene ilibe wokonzeka ngakhale mmodzi, masiku amene mpando umakhala m'manja mwa wogwirizira, ndi chiwerengero cha omaliza maphunziro amene apatsidwa ntchito yokulirapo chaka chisanathe.

Wotsogolera msonkhanowo akhale mkulu wa nthambi kapena wachiwiri wake. Ukasiyidwa m'manja mwa ofesi yoona za antchito yokha, mabwana amatumiza owaimira, ndipo woimira sangalole kuti munthu waluso wa bwana wake apite kwina. Pa msonkhano woyamba musayese kumaliza mipando yonse. Tengani umodzi umene tsiku lake loyambira ladutsa kale, mugwirizane amene alembenso mafotokozedwe a ntchito yake, ndipo mumupatse Lachisanu la sabata yamawa.